Anyamata otitengera zinyalala ku Area 25 kuno, ndikuuzeni mmene ndawaonera

Anthu angapo akhala akundifunsa, ena kutchalitchi ena pamsika pa Nsungwi, kuti anyamata a kalole aja amene amabwera kudzatitengera zinyalala Lachiwiri ndi odalirika kapena ndi omwe aja amangotolera ndalama mwezi woyamba kenako foni osayankhanso, nde ndati mmalo moti ndizingobwereza nkhani imodzimodzi bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina la kampani yawo sinditchula dala, chifukwa pali zingapo zoti ndidandaule kutsogoloku ndipo sindikufuna mwana wa eni ake bizinesi imuthere chifukwa cha pakamwa panga. A mbali yathu ino mukuwadziwa kale, kalole kake kakamakwera kachitunda kaja kamalira ngati chigayo cha dizilo. Ndakhala nawo kuyambira pakati pa 2023, ndiye zabwino zawo ndi zoipa zawo ndaziona ndi maso angawa, si zongomva. Kwa inu aulesi owerenga ndikuuziretu, lipirani, ndalama yake siyolowa mmadzi, koma miyezi imene mafuta akusowa muzikhala ndi matumba apadera komanso mtima wautali.

Ndiyambe ndi mmene tinkakhalira kale kuti mumvetse chifukwa chake munthu wosoka zovala ngati ine ndinavomera kumalipira ndalama mwezi ndi mwezi pa zinthu zotaya. Ndimakhala pa lendi, puloti yathu ili ndi mabanja anayi, ana onse ndikawerenga ndi 11, dzala limodzi. Dzalalo alandilodi anakumbitsa kuseri kwa bafa ndipo linkadzaza miyezi itatu isanathe, tikakwirira nkukumba lina pambali, tikakwirira nkukumbanso, mpaka tsiku lina mnyamata amene tinamupatsa ganyu anangoti khasu kawiri katatu nkufukula zinyalala zathu zomwe za chaka chapitacho, majumbo ali bwinobwino ngati tataya dzulo, nkuimirira kunena kuti amayi apa malo atha. Nde tinayamba kuotcha. Amene anayesapo kuotcha mapampasi onyowa akudziwa zimene ndikunena, zinthu zija sizipsa, zimangofuka utsi wonunkha usiku wonse mpaka mmawa, ine makina anga ali pakhonde ndiye nsalu za makasitomala zinkachoka pano zikununkha, mayi wina anachita kundibwezera diresi ya chinkhoswe kuti ndikaichape kaye, manyazi ake abale. Mwana wanga wachiwiri ali ndi mphumu, tsiku lootcha ndinkadziwiratu kuti lero sitigona.

Njira ina inali ya anyamata a wilibala. Umawapatsa kangachepe iwo nkunyamula, kumene akukataya osafunsa, tonse tinkadziwa koma tinkachita ngati sitikudziwa. Ankadikira kude nkukakhuthula mu ngalande yaikulu ya kumunsi kwathu. Ndiye mvula itabwera ya mphamvu usiku wina wa mu Januwale, kalavati ya pamphambano inatsekeka, madzi anasowa kolowera nkubwerera mmakomo. Ndinadzuka nditamva aneba akukuwa, kuponda pansi madzi mmapazi, kuyatsa tochi ya foni ndikuona pampasi ikuyandama pabalaza panga pafupi ndi thumba la ufa, yotupa ngati buledi. Mwana wanga womaliza anali atasiya mapampasi kalekale, nde sindinganene kuti inali yathu, koma wilibala imene inakataya kumeneko ndinkailipira nawo. Mmawa mwake azibambo analowa mu ngalande ndi mafosholo, zimene anatulutsa mmenemo, mabotolo, masanza, mawigi, matiresi yathunthu, galu wakufa, aliyense ankangoyang'ana kumbali.

Nthawi yake inali yomweyo ya kolera. Mukukumbukira mliri uja unayamba mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse, anthu oposa 1,700 anapita, mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu kuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mwezi wotsatirawo kampeni ya Tithetse Kolera anadzaikhazikitsa a Chakwera kwa Mgona, pafupi pomwepa. Mantha analipo enieni, munthu akangotsekula mmimba pang'ono banja lonse mtima mmwamba. Amfumu athu, ena mumati a block leader, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, panabwera a zaumoyo, akhansala anatumiza owaimira. Anatiuza zoti malamulo a khonsolo oletsa kutaya zinyalala paliponse alipo kale si atsopano, mphamvu yopanga malamulo amenewa makhonsolo anapatsidwa ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, kungoti ambirife tinakula osawamvako, pajatu kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala nkomwe, nde ndani akanabwera kudzatiwerengera. Ife pamsonkhanopo tinaonjezera athu a mdera: kutaya mu ngalande ayi, kuotcha anthu atayanika zovala ayi, puloti iliyonse ikhale ndi dzala kapena bini komanso chimbudzi chokhala ndi chivindikiro, wopezeka akutaya pamsewu alipire chindapusa kwa amfumu ndipo akazitole yekha anthu akuona. Tinaomba mmanja mwamphamvu.

Kenako gogo wina amene amagulitsa mtedza pafupi ndi kiyosiki ya madzi anakweza dzanja, anamupatsa mpata, nkunena mofatsa kuti zikomo amfumu malamulowa ndawamva ndipo ndi abwino, koma inetu pakhomo panga pokumba palibe, kuotcha mwaletsa, ngalande mwaletsa, ndiye ndikasesa mawa mmawa ndikaike kuti, pansi pa bedi? Anthu anaseka koma yankho panalibe amene anali nalo. Ndipo kwa miyezi itatu kapena inayi malamulo athu aja anangokhala pa pepala la mu kope la alembi, anthu anangosintha nthawi yotayira, mmalo mwa 7 koloko madzulo ankapita 11 usiku.

Anyamata a kalolewa anabwera nthawi imeneyo, ndipo kwa ine funso la gogo uja anayankha ndi iwowa. Anayamba ndi kuyenda khomo ndi khomo, mkulu wawo ndi mnyamata wodzichepetsa, polankhula amavula chipewa, anati mami tiyeseni mwezi umodzi mukaona kuti sizikuyenda mutisiye. Mtengo poyamba unali K4,000 pa mwezi pa banja, kubwera kamodzi pa sabata. Pa puloti pathu tinagwirizana nawo kuti mabanja anayi tizilipira ngati atatu poti amaima malo amodzi, anavomera osavuta, nde ngati muli pa puloti ya anthu ambiri nenererani musachite manyazi. Amakupatsa matumba awiri, aja a feteleza a 50 kg otha ntchito, ukadzaza amakhuthulira mu lole nkukubwezera thumba lako. Amene ali ndi bini kapena diramu lodula pakati amanyamulanso. Kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena pamanja kwa kamtsikana kamene kamayenda ndi buku la malisiti kumayambiriro kwa mwezi. Ine ndimakonda pafoni chifukwa mesegi imatsala, kamodzi anandilemba kuti sindinalipire Okutobala ndinangowaonetsa nkhani nkuthera pomwepo, anapepesa.

Lachiwiri mmene zimakhalira ndi chonchi. Cha mma 7 koloko umamva hutala kawiri kumtunda, ndiye kuti ali mu lain ya pamwamba, uli ndi mphindi ngati 15 zoti utulutse matumba pageti. Amakhala anayi, dalaivala, mmodzi pamwamba wopondereza ndi awiri othamanga pansi. Wa pamwambayo ndimamumvera chisoni, amaima mu zinyalala mpaka mmawondo akulandira matumba, kukhuthula, kukutumula, kuponya pansi, uku lole ikuyenda pang'onopang'ono osaima kwenikweni. Chimene chinandigwira mtima sabata yoyamba ndi choti thumba langa lina linaboka pansi zinyalala nkumwazika pageti, ine ndinati basi andisiyira, koma mmodzi anabwerera ndi fosholo ndi katsache nkusesa zonse mpaka makoko a mazira. Mpaka lero amatero. Ukaiwala kutulutsa amagogoda, odi mami zinyalala, sangodutsa. Tsiku lina ndinali kumaliro kwa Dzenza, mwana wanga wamng'ono yekha pakhomo, analowa okha kuseri kukanyamula ndipo ndowa zanga, mbaula, nsapato zimene zinali pakhonde ndinazipeza zonse zili mmalo mwake. Pa nkhani ya ulemu ndi kukhulupirika ndilibe nawo chifukwa.

Kusintha kwake pakhomo kunaoneka msanga. Ntchentche zinachepa, makoswe aja ankathamangitsana padenga anasamuka kapena anachepa kaya, malo a dzala aja alandilodi anasalaza ndipo ine ndinadzalapo mpiru ndi tomato, nthaka yake ndi yachonde koopsa bola uzichotsa majumbo pogaula. Mwana wa mphumu uja ulendo wa kuchipatala unachepa, sindikunena kuti anachira ayi, fumbi la Okutobala limamuvutabe, koma usiku wa utsi uja tinauiwala. Ndipo apa mpamene malamulo athu anayamba kuluma, chifukwa munthu akagwidwa akutaya mu ngalande sakanatinso ndikataye kuti, amfumu amangomuuza kuti lole imadutsa pakhomo panu Lachiwiri lililonse. Bambo wina wa shopu anagwidwa mmawa ndi azimayi opita kukatunga madzi, anamutoletsa makatoni ake onyowa ndi manja ana a sukulu akudutsa, kuchokera tsiku limenelo ndi iye amene amayamba kutulutsa matumba.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo ndithu.

Choyamba ndi kusowa osanena. Kumapeto kwa 2024 mafuta atavuta anyamatawa anatha masabata atatu osaoneka. Zoti dizilo kulibe tonse timaziona, mizere inali paliponse, palibe amene akanawada chifukwa cha zimenezo. Chimene chinandipweteka ndi kukhala chete. Ali ndi gulu la WhatsApp la makasitomala, pokumbutsa za malipiro amalemba mmawa ndi madzulo ndi timaluwa tomwe, koma masabata amenewo ziii, anthu kufunsa osayankhidwa, foni ya mkulu uja kumangoitana. Ife tinatulutsa matumba pageti Lachiwiri loyamba, agalu usiku anang'amba nkumwaza msewu wonse, kunja kukutentha, mphutsi zinayamba kutuluka mmatumba kumakwera mpanda. Sabata yachitatu anthu anatopa, utsi unayambiranso mmakomo, anyamata a wilibala anatulukiranso ngati ngumbi, ndipo amfumu sakanalipiritsa aliyense chifukwa nawonso anali akuotcha kuseri kwawo, ndinauona utsiwo ndi maso anga kkkk. Atabwera anabwera ndi lole yobwereka yaikulu nkuchotsa zonse tsiku limodzi, chabwino, koma mwezi umenewo anafuna ndalama yonse yathunthu. Ndinakangana naye mkulu uja pageti, ndinati achimwene mwabwera kamodzi mmalo mwa kanayi, iye akuti mami zinyalala zake ndi zomwezo za masabata onse tanyamula ndipo dizilo tagula wa pa black. Penapake amanena zoona koma mphutsi zija anasesa ndine. Tinathera poti andichotsere K1,000, ena amene sanalankhule analipira yonse, zimenenso sizinandisangalatse chifukwa bola akanachotsera aliyense.

Chachiwiri mtengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anakweza kufika K6,000, kenako anakwezanso, pano tili pa K8,000. Sindikuti akuba, chilichonse chakwera, matayala, ma spare, ngakhale matumba otha ntchito omwewo pamsika akudula. Koma amangokudzidzimutsa pa 1, kamtsikana ka malisiti kafika kale pakhomo ndi pamene ukumva kuti zakwera. Ndipo nthawi iliyonse akakweza mabanja angapo amasiya, osati chifukwa chokonda uve koma K8,000 kwa mayi wogulitsa mandasi ndi ndiwo za masiku angapo. Gogo wa mtedza uja sangakwanitse, zake timamuikira mmatumba mwathu ife, anyamatawo akudziwa ndipo sanadandaulepo. Ndinawauza kuti bwanji muike mtengo wa thumba limodzi kwa anthu okhala okha kapena okalamba, anati tiganizira, patha chaka akuganizirabe.

Pali ndi anzathu ena amene ndalama ali nayo koma amakonda zaulere. Kwa miyezi ingapo ndinkadabwa kuti thumba ndasiya theka usiku, mmawa ndikulipeza lodzaza mpaka pakamwa, mkati muli zitini za mowa ndi mafupa a nkhuku pamene ife sabata imeneyo tadya bonya ndi soya pieces. Ndinadzuka 4 koloko tsiku lina nkukhala phee pawindo, ndikuona wantchito wa nyumba ya mpanda wa njerwa ija akubwera chozemba ndi ndowa. Mtsikanayo sindinamukalipire, watumidwa, ndinapita kwa abwana ake masana ndi ulemu wonse, amayi zinyalala zanu zikumasochera kwathu. Analembetsa sabata yomweyo. Ili si vuto la kampani koma ndalitchula kuti mudziwe, matumba muzitulutsa mmawa mukamva hutala, osati usiku.

Chachitatu, ndipo ichi chimandinyansa kwambiri, lole yawo nthawi zambiri imayenda yosaphimba. Tenti ali nayo, ndinaionapo, koma amaiika akafuna. Ikadzaza nkuyamba kuthamanga majumbo amauluka mmbuyo ngati akhwangwala, ndiye tachotsa uve pakhomo pathu nkukaumwaza mmisewu ya anzathu. Ulendo wake si waufupinso, kuchoka kuno kumpoto kwa mzinda mpaka kumtaya wa ku Area 38 ndi kudutsa tauni yonse. Pa nkhani ya kumene amakataya, mphekesera zinalipo zoti akumakhuthula mu dambo lina chapafupi kuti apulumutse dizilo, ine zinandivuta mumtima chifukwa ngati ndi choncho ndiye kusiyana kwake ndi wilibala kuli pati. Mwayi unapezeka mwana wa mchimwene wanga atasowa chochita pa holide, anamutenga ganyu masiku anayi mnzawo wina atadwala. Anabwera kudzandiuza kuti aunt amakafikadi ku 38, masiku onse anayi, ndipo anafotokoza za anthu amene amathamangira lole ikangofika kutola mabotolo ndi zitsulo, ena ana ang'onoang'ono, utsi uli tolo, anakana nsima tsiku loyamba. Ndiye pa masiku amene ndili ndi mboni amakataya koyenera. Inu amene mukufuna kulembetsa ndi kampani ina iliyonse funsani kaye ngati ali ndi chilolezo cha khonsolo komanso kumene amakataya, akayamba kuzungulira poyankha asiyeni.

Mnyamata yemweyo ndi amene ananditsegula maso pa za chitetezo cha antchitowa. Magambuti ali nawo awiri okha mwa anayi, magulovu amagawana wina dzanja lamanja wina lamanzere, zotseka pamphuno palibe. Mmodzi ndinamuona chala atamanga kansanza magazi akudontha, galasi la botolo linamucheka mu thumba la munthu. Apa mwini kampani akuyenera kuchitapo kanthu, munthu amene akutolera K8,000 khomo lililonse sangalephere magulovu. Komanso ife makasitomala tili ndi mbali yathu, magalasi osweka, malezala, majakisoni a odwala shuga, kulungani mu katoni kapena ikani mu botolo lotseka nkuwauza. Mapampasi mangani mu jumbo yawoyawo. Phulusa la mbaula lizizizira kaye, aneba anga anathira lamoto thumba nkusungunuka pansi ndipo tsiku lina lole inayamba kufuka ili pamsewu anachita kupempha ndowa za madzi mmakomo. Ndipo chonde madzi otsukira mbale ndi nsima yonyowa musamathire mmatumba, amene amanyamula pamapewa ndi mwana wa munthu mnzanu, msuzi wake umatsikira mmsana.

Chinthu china chimene ndikanakonda akanachita ndi kusiyanitsa zinyalala. Nditayamba kadimba kaja ndinaona kuti zambiri zimene timataya ndi zoola, makoko a nthochi, masamba, zotsala za kabichi, zosesa pabwalo, zonsezi ndi manyowa. Pano ndimaziika padera pa kadzenje kakang'ono ndipo thumba limodzi limatikwana sabata yonse pamene kale awiri ankachepa. Mabotolo a pulasitiki amatenga amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza, zitini ndi zitsulo anyamata ogula zitsulo zakutha amadutsa okha. Chimene chimatsala nchiyani, mapampasi ndi majumbo basi. Koma olo usiyanitse bwanji, mu lole amangophatikiza zonse, ndipo wochepetsa zinyalala ndi wodzaza matumba anayi amalipira chimodzimodzi, nde anthu alimbikira chifukwa chiyani.

Za majumbozi ndiye musandiyambitse. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki) mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chipitirire, kenako kunabweranso ma injunction ena, zaka kumangopita timajumbo tabuluu tija tikuchulukirachulukira, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene khoti linatsegulanso njira ndipo a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, anati tsopano tayamba kugwira. Mmashopu akuluakulu zinasinthadi, umagula chikwama cholimba kapena kubwera ndi chako. Koma tsegulani thumba langa la zinyalala Lachiwiri muone, wa tomato jumbo, wa chipisi jumbo, wa makala a K500 jumbo, ndipo ambirife timayatsira mbaula tomweto. Ine ndinasoka zikwama za zidutswa za chitenje, ndimapita nacho kumsika, koma ana ukawatuma amabwera ndi majumbo atatu pa zinthu zitatu. Wogulitsa usipa sangakuikire mmanja, mpaka patapezeka chinthu china chotchipa choti azikulungira tiziona tomweti mu ngalande.

Pamene anyamatawa anandisangalatsa kwambiri ndi pa tsiku losesa. Paja mu Novembala 2020 boma linakhazikitsa zoti Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse tizisesa mmadera mwathu, poyamba anthu anatuluka ndi matsache ndi ma T-shirt kujambulitsa, kenako zinazilala. Kwathu kuno timachitabe mwa apo ndi apo makamaka mvula ikayandikira, vuto linali loti tikavuula zinyalala mu ngalande timaziunjika mmbali mwa msewu, mulu umakhala pomwepo mwezi, mbuzi ndi nkhuku kumwaza, mvula yoyamba nkubwezera zonse mmene tinazichotsa. Chaka chatha amfumu analankhula ndi mkulu wa kampaniyi, tinasonkha ya dizilo yokha kuchokera mu ndalama za chindapusa zija ndi K500 khomo lililonse, iwo anabwera Loweruka mmawa nkunyamula milu yonse maulendo atatu osalipiritsa ntchito. Anatuluka thukuta limodzi ndi azibambo a mdera, azimayi tinaphika thobwa. Dzinja limenelo kalavati ija sinatsekeke olo kamodzi, ine ndinagona mvula ikugwa osadzuka kukayang'ana pansi pa chitseko. Mwina ankadzitsatsa malonda, chifukwa anthu ambiri analembetsa sabata imeneyo, koma olo zikhale choncho milu inachoka.

Pa chindapusa pomwepo ndinene pang'ono, ngakhale si za kampani. Malamulo athu amagwira bwino kwa anthu a lendi ndi obwera, koma akalakwa wachibale wa akuluakulu a mdera nkhani imathera mmanong'onong'o. Ndalama zake poyamba sitinkadziwa kumene zikupita mpaka azimayi tinaumirira kuti alembi aziwerenga pamsonkhano, pano amawerenga, zochepa koma timazimva. Ndipo lamulo loti wotaya akatole yekha limaopedwa kuposa la ndalama, munthu amalolera kulipira kawiri kusiyana ndi kugwada mu ngalande apongozi akudutsa.

Ndiye kwa amene mumafunsa aja, pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu ndi theka. Ulemu, kusesa pageti, kusaba, kukataya koyenera, apo ali bho. Theka ndi imodzi ndachotsa chifukwa cha kukhala chete akasowa, tenti ndi magulovu. Ngati muli ndi puloti yaikulu ya nokha ndipo mulibe mwana wa mapampasi mwina dzala ndi kadzenje ka manyowa zikukwanirani, sungani ndalama yanu. Koma ngati muli ngati ife mabanja anayi bafa limodzi, lembetsani, ndipo musalipire miyezi itatu pakamodzi olo akuchotsereni, lipirani mwezi ndi mwezi kuti akasowa mukhale ndi polankhulira. Pezaninso diramu lachitsulo lokhala ndi chivindikiro loti muzisungiramo matumba sabata imene sanabwere, agalu a kuno amadziwa kumasula mfundo.

Lachiwiri lapitali ndinagula magulovu mapeyala awiri ku hardware ya pa Nsungwi nkumupatsa wa pamwamba uja ndi mnzake wa chala. Anathokoza mpaka kuwomba mmanja, lole nkunyamuka. Itafika pa kona ndinaona wavula waika mthumba la ovolosi, kaya akusungira tsiku lanji. Ndimufunsa sabata ya mawa, ndipo kamtsikana ka malisiti kanandinong'oneza kuti Januwale akufuna kukwezanso.